Funsani Alangizi: Malo, Nyumba za Lendi ndi Misonkho ku Mulanje

Makalata ambiri amene afika mwezi uno achokera kwa awerengi a ku Mulanje ndi anansi awo a ku Thyolo, ndipo pafupifupi onse akukamba za malo ndi nyumba za lendi. Munthu wodziwa maboma awiriwa sangadabwe nazo. Gawo lalikulu la nthaka yabwino lili pansi pa tiyi, ndipo umwini wa malo ambiri a maesiteti unayambira pa zikalata zimene Harry Johnston anapereka kwa azungu m'zaka za m'ma 1890. Phiri la Mulanje nalo ndi nkhalango yotetezedwa kuyambira mu 1927. Malo otsalawo ndiwo akugawana anthu ochuluka zedi, n'chifukwa chake puloti ya pa Chitakale, pa Nkando kapena pa Limbuli yasanduka chuma chimene abale apamimba amadanirana. Makalata aatali tawafupikitsa, ndipo maina a olemba tawabisa monga mwa chizolowezi chathu.

*Alangizi, ine ndine mkamwini, ndipo ndakhala pamudzi wa akazi anga kuno ku Chisitu zaka khumi ndi zisanu. Nditalandira ndalama zopumira pantchito ku esiteti ya tiyi, ndinamanga mdadada wa zipinda zisanu ndi chimodzi pa malo amene apongozi anatilozera, ndipo tsopano mukukhala anthu olipira lendi mwezi ndi mwezi. Posachedwapa alamu anga, amene ndiwo eni mbumba, ananena pagulu kuti nyumbazo ndi za mlongo wawo ndi ana ake, ine ndilibe gawo. Ndi mayi a kunyumba tikukhala bwino lomwe, koma mawuwo akundisowetsa tulo. Kodi lamulo likuti bwanji?*

*Mkamwini, Chisitu*

Bambo, mwachita bwino kufunsa pamene banja lanu lili pamtendere, chifukwa nkhani zotere zimakambika bwino anthu akudyera mbale imodzi. Mu funso lanu muli zinthu ziwiri zimene tiyenera kuzilekanitsa: dothi limene munamangapo, ndi nyumba zimene munamangazo.

Pa za dothi, alamu anu sanalakwe kwenikweni. Malo amene apongozi anakulozerani ndi malo a makolo, ndipo pa mwambo wa Alhomwe ndi Amang'anja a kuno malo otere amatsata mzere wa akazi, mwini mbumba n'kumayang'anira m'malo mwa alongo ake ndi ana awo. Kukulozerani pomanga sikunali kukugulitsani. Ine sindili m'gulu la anthu amene amanyoza chikamwini, pakuti mwambo umenewu ndiwo wateteza amayi ambiri ndi ana awo kuti asasowe pokhala banja likatha kapena bambo akatsogola. Vuto lake ndi loti mwambowu unakhazikika m'masiku amene mkamwini ankamanga nyumba ya udzu ndi nkhokwe, zinthu zoti akasudzulidwa ankatha kuzisiya osadandaula. Mdadada wa njerwa zowotcha ndi malata, wobweretsa ndalama mwezi uliwonse, makolo athu sanauganizire.

Pa za nyumbazo ndiye pamene alamu anu anapitirira malire. Banja likatha ku khoti, lamulo la maukwati la 2015 limapatsa khoti mphamvu yogawa chuma cha banja mwachilungamo, poyang'ana zimene aliyense anaikapo, kaya ndalama kaya ntchito za manja ake, ndiponso poganizira za ana. Khoti silingazule nyumba pa malo a mbumba kuti muyisenze, ndipo n'zovuta kuti likupatseni malo a eni ake, koma likhoza kulamula kuti mulandire gawo la mtengo wa zimene munamanga. Apa m'pamene pamafunika umboni. Kalata yosonyeza ndalama zimene munalandira popuma pantchito, malisiti a simenti ndi malata, pangano lanu ndi mmisiri, buku limene mumalembamo lendi, zonsezi zisungeni pamalo osanyowa, ndipo zijambuleni pa foni kuti zikhale pawiri. Dziwaninso kuti akazi anu ali ndi gawo lawo m'nyumbazo ngakhale ndalama zinachokera m'thumba mwanu, popeza malo ndi a kwawo ndipo zaka zonsezi akhala akusamalira pakhomo. Gawo 24 la malamulo aakulu a dziko lino limateteza ufulu wa amayi pa chuma cha banja.

Tsono chochita n'chiyani? Choyamba kambiranani ndi mayi a kunyumba, awiriwiri, kuti mumve maganizo awo. Mukagwirizana, itanani ankhoswe a mbali zonse ziwiri, alamu anuwo ndi a nyakwawa, ndipo mulembe pangano lonena momveka kuti malo ndi a mbumba, nyumba munamanga inu ndi akazi anu, lendi imalandiridwa motere, ndipo mmodzi wa inu akatsogola zidzayenda motere. Onse asayine, a mfumu adinde. Pepala lotere silisandutsa malowo kukhala anu, koma limatseka pakamwa munthu amene angadzanene mawa kuti simunaikepo kanthu.

Njira yolimba kuposa imeneyi ndi kulembetsa malowo pansi pa lamulo la malo a makolo la 2016, limene linakonzedwanso mu 2022. Lamuloli linakhazikitsa makomiti a malo pa gulupu aliyense. Wapampando amakhala gulupu mwiniwake, ndipo pa mamembala asanu ndi mmodzi osankhidwa ndi anthu a m'deralo, osachepera atatu ayenera kukhala amayi. Malo akalembetsedwa pamatuluka chiphaso, chimene chingakhale m'dzina la munthu mmodzi, la banja, kapena la anthu awiri kapena oposerapo, ndipo umwini wake ulibe malire a zaka komanso umatha kusiyidwa kwa ana. Ntchito yolembetsayi inayambira m'maboma ochepa, kuphatikizapo kwa anansi athu ku Phalombe, ndipo ikufalikira pang'onopang'ono, choncho kafunseni ku ofesi ya za malo kwa Bwanamkubwa ngati yafika m'dera lanu. Musayembekezere kuti mbumba ivomera msanga kuti dzina la mkamwini lilowe pa chiphaso. Ikakana, musakwiye. Pemphani kuti palembedwe dzina la akazi anu ndi ana anu, kuti malo a mdadadawo alekane ndi malo a mbumba yonse, inu n'kutsamira pa pangano lija. Ndipo ndalama za lendi zikachuluka n'kufuna kumanga zina, nyumba zachiwirizo mukamange pa malo ogula, olembedwa m'maina a nonse awiri.

*Alangizi, ndikugwira ntchito ku Johannesburg ndipo ndasunga ndalama zoti ndigule puloti pa Limbuli, m'mbali mwa msewu wopita ku Muloza, kuti ndimange mashopu. Munthu wina wothandiza kugulitsa malo wanditumizira zithunzi pa WhatsApp pamodzi ndi kalata yodindidwa ndi mfumu, ndipo akuti nditumize theka la ndalama sabata ino chifukwa pali wina akufunanso malowo. Kodi kalata ya mfumu ndi yokwanira?*

*Mayi wa ku Joni*

Mayi, musatumize ndalamazo sabata ino. Mawu oti pali wina akufunanso malowo ndi nyimbo ya madobadoba onse, ndipo cholinga chake n'choti mulipire musanafunse mafunso. Puloti imodzi kugulitsidwa kwa anthu atatu si nkhani yachilendo m'makhoti athu, ndipo amene amapwetekedwa kawirikawiri ndi inu a kunja, chifukwa simungafike pamalopo msanga.

Funso loyamba kufunsa ndi lakuti malowo ndi a mtundu wanji. Malamulo aakulu a dziko lino amanena kuti nthaka yonse ndi ya dziko la Malawi, ndipo munthu amakhala pa malo m'njira zosiyanasiyana. Pali malo a boma, amene munthu wamba sangakugulitseni. Pali malo a lizi, obwereka kwa zaka zolembedwa pa pangano, ndi malo a umwini wamuyaya monga a maesiteti ambiri, amene ali ndi mapepala ku Unduna wa za Malo. Ndiye pali malo a makolo. Kalata ya mfumu imagwira ntchito pa malo a makolo okha, ndipo ngakhale pamenepo imangochitira umboni kuti mfumu ikumudziwa wogulitsayo. Mfumu imasunga malo m'malo mwa anthu ake, si mwini wake woti n'kugulitsa. Komanso kuno kwathu munthu amene akulima pa malo kawirikawiri si yekhayo amene ali ndi mawu pa malowo. Mwamuna akhoza kukugulitsani munda wa alongo ake iwo osadziwa, inu n'kudzamva mutathira kale maziko. Choncho tumani m'bale wanu wokhulupirika, osati amene wasankhidwa ndi wogulitsa, akaonane ndi eni mbumba, amayi a pabanjapo, oyandikana nawo malire mbali zonse, a gulupu ndi komiti ya malo. Pangano logulitsana lilembedwe onsewo alipo, malire ayendedwe ndi mapazi, ndipo mukangogula yambani msanga ntchito yolembetsa malowo m'dzina lanu, chifukwa banki siingalandire kalata ya mfumu ngati chikole.

Ngati wogulitsa akunena kuti malowo ali ndi lizi, ntchito yake ndi ina. Pezani loya amene ali ndi chiphaso chogwirira ntchito chaka chino, ndipo a Malawi Law Society angakutsimikizireni zimenezi. Loyayo akafufuze ku ofesi ya za malo ku Blantyre kuti aone dzina lolembedwa m'kaundula, zaka zimene zatsala pa lizi, ngati malowo sanaperekedwe chikole ku banki, ndiponso ngati palibe chiletso chimene wina anaikapo. Kusintha umwini kumafuna chilolezo cha Unduna wa za Malo, kumafuna chiphaso cha MRA chosonyeza kuti wogulitsa alibe ngongole ya msonkho, ndipo chikalata chosinthira umwini chimalipiridwa msonkho wa chidindo, umene ndi K1.50 pa K100 iliyonse ya mtengo wa malowo. Pa puloti ya K20 miliyoni ndiye kuti K300,000, ndipo mwachizolowezi amalipira ndi wogula, choncho muiwerengere pamodzi ndi malipiro a loya ndi a saveya. Anthu ena amagwirizana kulemba mtengo wotsika pa pepala kuti msonkhowu uchepe. Kumeneko n'kuphwanya lamulo, komanso n'kudzitchera msampha nokha, popeza tsiku limene mudzagulitse malowo phindu lanu lidzawerengedwa kuchokera pa mtengo wabodza uja, ndipo msonkho wake udzakula. Loya wanu akuunikireninso za kusintha kwa lamulo la malo kwa mu 2022, kumene kunakhwimitsa kagulitsidwe ka malo a lizi osamangidwapo kanthu ndiponso kunafuna kuti wolandira malo ayambe chitukuko m'nthawi yoikika.

Pali zina ziwiri zimene chithunzi cha pa foni sichingakuonetseni. Msewu wa ku Muloza ndi msewu waukulu wa M2, ndipo malire a msewu waukulu amafika mamita 30 mbali iliyonse kuchokera pakati pa msewu. Chomangidwa m'kati mwa malirewo chikhoza kugwetsedwa popanda chipepeso, ngakhale muli ndi kalata ya mfumu. Chinacho ndi madzi. Amene anaona zimene namondwe Freddy anachita m'mwezi wa Malichi 2023 m'mbali mwa mitsinje yotsika m'phirimu sadzagulanso malo osafunsa akuluakulu a pamalopo kuti madzi anafika pati. Ndipo musanayambe kumanga, mapulani anu akavomerezedwe ku khonsolo, pakuti lamulo la mapulani la 2016 linafikitsa udindo umenewu m'dziko lonse, osati m'mizinda yokha. Mukagula, musawasiye malowo opanda mwini zaka zambiri. Pa malo a mapepala, munthu amene wakhalapo poyera zaka 12 popanda chilolezo chanu, inu osamuletsa, akhoza kukulandani mwalamulo.

*Alangizi, ndine mphunzitsi wopuma ndipo ndili ndi nyumba ziwiri pa Luchenza. Ina ndinabwereketsa ku bungwe lina pa K400,000 pamwezi, koma iwo amandipatsa K320,000 yokha, ati yotsalayo ndi ya msonkho. M'nyumba inayo mumakhala banja limene limandipatsa lendi yonse osadula kanthu. Kodi bungweli silikundibera? Nanga pa nyumba yachiwiriyo ndiye kuti palibe msonkho?*

*Mphunzitsi wopuma, Luchenza*

Aphunzitsi, bungwelo likuchita zimene lamulo limalilamula. Kampani, bungwe kapena ofesi ya boma ikamalipira lendi, imayenera kudula K20 pa K100 iliyonse n'kukapereka ku MRA pofika pa 14 mwezi wotsatira. Pa K400,000 ndiye K80,000 imene mukuyisowayo. Chiwerengero chimenechi chimatha kusintha nduna ya za chuma ikapereka bajeti, choncho muzimvetsera chaka ndi chaka. Chimene muyenera kulimbikira ndi umboni woti ndalamayo inafikadi ku MRA m'dzina lanu. Ngati mulibe nambala ya msonkho, imene ambiri amaitchula kuti TPIN, kalembetseni, muipereke ku bungwelo, ndipo mwezi uliwonse muzilandira chiphaso chosonyeza ndalama imene yadulidwa. Bungwe limene limadula koma osapereka chiphaso ndilo muyenera kulikayikira.

Ndalama yodulidwayo si mapeto a nkhani. Ili ngati chikole chimene mwaperekeratu pa msonkho wanu wa chaka chonse. Chaka chikatha mumayenera kupereka ku MRA fomu yofotokoza ndalama zonse zimene mwapeza, pasanathe masiku 180, ndipo masiku ano zimenezi zimachitika pa intaneti kudzera pa Msonkho Online. Pa fomupo mumalemba lendi ya nyumba zonse ziwiri. Apa ndayankha funso lanu lachiwiri: banja limene likukhala m'nyumba inayo silidula kanthu chifukwa munthu wapantchito amene akulipira lendi ya nyumba yogonamo sanapatsidwe udindo wodula, koma lendiyo ndi phindu lanu ndithu, ndipo udindo woiulula ndi wanu. Ndikudziwa kuti eni nyumba ambiri sachita zimenezi, ndipo ena angakuuzeni kuti mukudziputira mavuto. Koma mlandu suola. Tsiku limene mudzafune kugulitsa nyumba, kapena ana anu akadzafuna kusintha dzina pa mapepala, padzafunika chiphaso cha MRA, ndipo pamenepo zaka zonse zosalipira zidzatulukira pamodzi ndi zilango ndi chiwongoladzanja.

Mbali yokoma, imene eni nyumba ambiri saidziwa, ndi yoti msonkho suwerengedwa pa lendi yonse koma pa chotsala mutachotsa zimene mwawononga kuti lendiyo ipezeke. Kupaka penti, kukonza denga lodontha, kusintha mapaipi ophulika, msonkho wa khonsolo, lendi ya nthaka imene mumapereka ku Unduna wa za Malo, inshuwalansi ya nyumba, chiwongoladzanja cha ngongole imene munamangira nyumbayo, zonsezi zimachotsedwa. Koma pali kusiyana pakati pa kukonza ndi kuwonjezera. Kubwezeretsa malata amene mphepo inasasula n'kukonza. Kumanga mpanda wa njerwa pamene panalibe, kapena kuwonjezera chipinda, n'kukulitsa chuma chanu, ndipo ndalama zake sizichotsedwa pa lendi ya chaka chimenecho. Malisiti ake musataye, adzakuthandizani pogulitsa nyumba, monga ndifotokozere poyankha kalata yotsatirayi. Mmisiri wa pamudzi alibe lisiti losindikiza, koma akhoza kulemba m'buku lanu ntchito imene wagwira, tsiku, ndalama ndi nambala ya chiphaso chake cha unzika, n'kusayina.

Zonse zikawerengedwa, ma K80,000 aja amachotsedwa pa msonkho umene wapezeka. Ngati anadula yopitirira, muli ndi ufulu wopempha kuti yotsalayo ibwezedwe kapena isungidwire chaka chamawa, ndipo munthu amene sapereka fomu ndalama imeneyi amangoitaya. Ngati yodulidwayo ikuchepa, a MRA angakuuzeni kuti muzilipiratu msonkho pang'onopang'ono miyezi itatu iliyonse. Za VAT musade nazo nkhawa pa nyumba zogonamo, chifukwa lendi yake ilibe msonkho umenewu. Umakhudza nyumba zochitiramo malonda ndi maofesi, ndipo pokhapokha ngati mwini wake amapeza ndalama zofika pa mlingo wolembetsera VAT.

*Alangizi, bambo athu anamwalira chaka chatha osasiya wilo. Anasiya mayi, ana anayi, nyumba imene tinkakhalamo ndi sitolo ya lizi pa Nkando. Tikufuna kugulitsa sitoloyo kuti tilipire sukulu ya ang'ono athu, koma mphwawo wa bambo akuti chuma cha mkulu wake ayenera kuyendetsa ndi iye. Wogula wapezeka kale. Tingagulitse? Nanga boma lidzatengapo zingati?*

*Mwana woyamba, Nkando*

Pepani ndi imfa ya bambo anu. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 lili kumbali yanu. Munthu akamwalira osasiya wilo, chuma chake chimapita kwa mkazi kapena mwamuna wake, ana ake, ndi anthu amene ankadalira iye pa moyo wawo. Abale ena amalowapo pokhapokha ngati anthu amenewa palibe. Mayi anu ali ndi ufulu wosunga katundu wa m'nyumba, ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu umene munthu amamangidwa nawo. Bambo anu aang'onowo muwalemekeze monga kholo, muziwadziwitsa zimene mukuchita, koma ulemu umenewo suwapatsa mphamvu pa sitolo.

Komabe nanunso simungagulitse lero. Lizi ili m'dzina la malemu, ndipo palibe mmodzi wa inu, ngakhale mayi, amene angasayine m'malo mwawo popanda chikalata cha khoti chomupatsa mphamvu yoyendetsa chumacho. Pa chuma chokhala ndi nyumba ndi malo a mapepala, chikalatachi chimachokera ku Khoti Lalikulu. Yambirani ku ofesi ya Bwanamkubwa ndi kalata ya imfa kuti akulozereni njira, ndipo ngati ndalama za loya palibe, a Legal Aid Bureau anakhazikitsidwira anthu onga inu. Ofesi ya Administrator General nayonso imayendetsa chuma cha masiye pamene abale sakugwirizana. Popeza pali ana aang'ono, khoti lidzafuna kuona kuti gawo lawo latetezedwa. Wogulayo muuzeni zoona, ndipo ngati ali wofunitsitsa adikira. Kulandira ndalama zake tsopano, mapepala asanakonzeke, kukhoza kukuikani pa mlandu wogulitsa chinthu chimene simunapatsidwe mphamvu yogulitsa.

Pa za msonkho, pali magawo awiri. Chuma cha womwalira chikapitirira mlingo woikika chimalipiridwa msonkho wa chuma cha masiye, ndipo n'chifukwa chake nyumba ndi sitolo ziyenera kuwerengedwa mtengo ndi katswiri wovomerezeka chikalata cha khoti chisanatuluke. Gawo lachiwiri ndi msonkho wa phindu logulitsa katundu. Chuma chikamachoka kwa malemu kupita kwa mkazi wake kapena kwa ana ake, lamulo siliona phindu lililonse pamenepo. Koma sitolo ikagulitsidwa kwa munthu wapadera, a MRA amayang'ana kusiyana kwa mtengo wogulitsira ndi mtengo umene katunduyo akuwerengedwa kuti anadya, kuphatikizapo zowonjezera zimene zinamangidwapo. Mtengo wakalewo amaukweza molingana ndi kukwera kwa mitengo ya zinthu m'zaka zapitazo, kuti musalipire msonkho pa kugwa kwa kwacha chabe, ndipo phindu lotsalalo limaphatikizidwa ku ndalama zina za chaka chimenecho. Fufuzani m'masutikesi a bambo mapepala ogulira malowo ndi malisiti omangira, chifukwa pepala lililonse lopezeka limatsitsa msonkho. Nyumba imene munthu amakhalamo yekha monga kwawo kwenikweni ikagulitsidwa ilibe msonkho umenewu, koma sitolo ndi nyumba za lendi zili nawo.

Ndisanasiye, ndikufunseni ngati mwawerengera bwino. Sitolo ya pa Nkando, ikabwereketsedwa, ikhoza kulipira sukulu teremu ndi teremu mpaka wamng'ono atamaliza, sitoloyo n'kukhalapobe. Khalani pansi ndi mayi, muyerekeze lendi ya chaka ndi fizi ya chaka musanatsimikize zogulitsa.

*Alangizi, munthu amene akukhala m'nyumba yanga pa Chitakale sanalipire miyezi inayi. Anzanga akuti ndichotse chitseko kapena ndimudulire madzi kuti atuluke yekha. Sitinalemberane chilichonse polowa.*

*Mwini nyumba, Chitakale*

Bambo, chitsekocho chisiyeni. Kuchotsa chitseko, kusasula denga, kudula madzi kapena kutulutsa katundu wa munthu panja kukhoza kusandutsa inu wolakwiridwa kukhala woimbidwa mlandu, ndipo khoti likhoza kukulamulani kulipira chipepeso choposa lendi imene mukuilirayo. Ngakhale simunalemberane, pangano lilipo, popeza iye wakhala akulipira mwezi ndi mwezi inu n'kumalandira. Mulembereni kalata yotchula ngongole yake ndi kumupatsa mwezi wathunthu kuti atuluke, mumupatse pamaso pa mboni, ndipo inu musunge ina yofanana nayo. Akapanda kutuluka, kasumeni ku khoti la majisitireti kuti lilamule za ngongoleyo ndi zoti achoke, ndipo ochotsa munthu m'nyumba ndi akuluakulu otumidwa ndi khoti, osati inu kapena anyamata anu. Mauthenga a pa foni osonyeza ndalama zimene ankatumiza kale ndi umboni wabwino. Wolowa m'malo mwake mudzalemberane pangano lotchula lendi, tsiku lolipira, dipoziti, wolipira madzi ndi magetsi, ndi nthawi yochenjezana, ndipo pa malo olembedwa m'kaundula pangano lopitirira zaka zitatu liyenera kukalembetsedwa ku ofesi ya za malo.

*Alangizi, ndimalipira ndalama ku Unduna wa za Malo chaka chilichonse, khonsolo nayo ikunditumizira bilu, MRA nayonso ikufuna zake. Kodi si kulipira katatu pa nyumba imodzi?*

*Wamalonda, Luchenza*

Ndikumvetsa kulemera kwake, bambo, koma zitatuzi n'zosiyana. Ya ku Unduna wa za Malo si msonkho, ndi lendi ya nthaka, chifukwa pa malo a lizi mwini nthaka ndi boma ndipo inu munabwereka kwa zaka zolembedwa pa lizipo. Kusalipira n'kuphwanya pangano la lizi, ndipo boma lili ndi mphamvu yolanda malowo. Ya khonsolo imachokera pa lamulo la maboma aang'ono la 1998, ndipo imawerengedwa pa mtengo wa malo ndi nyumba umene walembedwa m'kaundula wa khonsolo, kaya m'nyumbamo muli munthu kaya mulibe. Kaundulayu amayenera kukonzedwanso zaka zisanu zilizonse, ndipo akatuluka amaikidwa poyera kuti eni nyumba akaone ndi kudandaula ngati mtengo wakwezedwa mopitirira. Ambiri sapita kukaona, amadzadandaula bilu itafika, nthawi yodandaulira itatha. Ya MRA yokha ndiyo imayang'ana phindu, ndipo powerengera phindulo ziwiri zoyambazo zimachotsedwa. Choncho malisiti a ku Unduna ndi a khonsolo muziwasunga mu envulopu imodzi ndi ziphaso za msonkho wodulidwa pa lendi, kuti podzaza fomu ya chaka zonse zikhale pafupi.